Nyali, Cholembera ndi Bwalo la Anzako: Mbiri ya Alembi a ku Malawi

Mukafunsa mlembi wa kuno kwathu kuti amalemba nthawi yanji, yankho lake kawirikawiri limakhala lakuti usiku ana akagona, kapena mbandakucha nkhuku zisanatsike. Usana ndi wa ntchito ina: kuphunzitsa, kutola nkhani za nyuzipepala, kuwerengera ndalama za abwana, kulalikira. Papita zaka zoposa 90 chisindikizireni Nthondo, nkhani yaitali ya m'Chinyanja yoyamba kutchuka kunja kwa dziko lino, koma amene adadyapo nsima ya cholembera chokha ndi owerengeka pa zala. Ena cholembera chidawathamangitsa kwawo, ena chidawagoneka m'ndende. Nanga bwanji kulemba sikudazime? Ndikayang'ana mbiri yonseyi ndimaona chinthu chimodzi chikubwerera m'badwo ndi m'badwo: alembi athu akhala akufunana, kukhala pansi pamodzi ndi kuwerengerana zimene alemba. Chimwemwe chawo chagona pamenepo, ndipo mphamvu zopirira mavuto zachokeranso pomwepo.

Pamoto ndi pamishoni

Chizolowezi chimenechi n'chakale kuposa pepala. Agogo akayamba nthano madzulo pamoto kuti "Padangokhala," sankapitiriza mpaka ana atayankha kuti "Tili tonse." Yankho likayamba kuzilala, agogo ankadziwa kuti ana akusinza kapena nthano yasukuluka, ndipo ankaponyapo nyimbo kuti awadzutse. Woyamikira ndi wodzudzula woyamba adali womvera amene wakhala pafupi. Mlembi adatengera luso la wokamba nthano, koma adataya chinthu chachikulu, pakuti pepala siliyankha. Umakhala wekha ndi nyali, osadziwa ngati mawu ako akhudza mtima wa munthu kapena agwera pathanthwe. Kusungulumwa kumeneku ndilo vuto loyamba la aliyense wogwira cholembera.

Kulemba kudabwera ndi sukulu za mishoni kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Ku Blantyre, ku Livingstonia, ku Nkhoma, ndipo pambuyo pake ku Likuni, kudali makina osindikizira mabuku a nyimbo, a katekisimu ndi a sukulu. Buku Lopatulika litatha kumasuliridwa mu 1922, anthu ambiri adaona kwa nthawi yoyamba kuti chiyankhulo cha pamphero ndi padambwe chingathe kusenza buku lalikulu. N'chifukwa chake alembi athu oyambirira adali aphunzitsi a mishoni, anthu okhala ndi choko m'manja usana ndi nyali ya parafini usiku.

Wotchuka mwa iwo ndi Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, wobadwa mu 1905. Buku lake lija, Nthondo, lofotokoza moyo wa Mchewa mmodzi kuyambira kubadwa mpaka kumwalira, lidapambana pa mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures la ku London, ndipo lidatuluka mu 1933. Chaka chotsatira Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi nalitcha Man of Africa. Nthara sadalekere pomwepo. Adakhala pansi ndi akuluakulu a m'midzi, kufunsa ndi kulemba, mpaka adatulutsa Mbiri ya Achewa ndi Msyamboza. Luso lake lidayambira m'khutu: kumvetsera kaye momwe anthu amayankhulira pabwalo la milandu, pamaliro ndi pamowa, kenaka kutsanulira mawuwo papepala.

Komatu khomo lopita kwa owerenga lidali lopapatiza. Wosindikiza adali mpingo kapena boma lachitsamunda, makamaka kudzera mu ofesi yosindikiza mabuku ya Northern Rhodesia ndi Nyasaland imene idakhazikitsidwa mu 1948. Wogula wamkulu adali sukulu. Motero nkhani inkayenera kutha ndi phunziro: wochimwa alape, waulesi aone zakuda, wothawira kutauni abwerere kumudzi atazindikira. Alembi aluso adaphunzira kuvina m'bwalo lochepalo. E.W. Chafulumira adalemba Mbiri ya Amang'anja ndi timabuku tambiri ta moyo wa pabanja. Ezra Chadza adaonetsa mu Ntchito za Pakamwa kuti ndakatulo ya m'Chinyanja imatheka papepala. John Gwengwe adatenga nthano ya pamoto ya abale awiri ndi mbalame youlula chinsinsi naisandutsa Sikusinja ndi Gwenembe, buku limene ana a sukulu a mibadwo ingapo akula nalo. Kutsidya kwa malire, ku Zambia, Julius Chongo ankasangalatsa anthu pa wailesi ndi nkhani zake za Poceza m'Madzulo, ndipo kumeneko mlembi ndi wokamba nthano adasanduka munthu mmodzi.

Ufulu wobwera ndi loko

Dziko litalandira ufulu mu 1964, zidaoneka ngati khomo latseguka. Legson Kayira, mnyamata wa kumpoto amene adanyamuka wapansi mu 1958 kukafuna maphunziro, nayenda mpaka ku Khartoum asanakwere ndege ya ku America, adafotokoza ulendowo mu I Will Try mu 1965. Aubrey Kachingwe adatulutsa No Easy Task mu 1966. David Rubadiri, mlakatuli wophunzira ku Makerere, adali kazembe woyamba wa Malawi ku America ndi ku United Nations.

Chisangalalocho sichidakhalitse. Mkangano wa Dr Hastings Kamuzu Banda ndi nduna zake mu 1964 udabalalitsa ophunzira ambiri. Rubadiri adatula pansi udindo mu 1965 nakakhala ku Uganda, komwe adalemba No Bride Price. Kayira adakhazikika ku England, ndipo buku lake la 1974, The Detainee, lonena za munthu wamba wozunzidwa ndi boma lankhanza, silikadaloledwa kuno. Mu 1968 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi zisudzo, ndipo bungwe la Censorship Board lidaletsa mabuku mazanamazana m'zaka zochepa. Sewero lililonse linkayenera kuonedwa kaye lisanafike pamaso pa anthu. Chaka chomwecho Chichewa chidalengezedwa kukhala chiyankhulo cha dziko lonse, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi ndi m'nyuzipepala. Wolemba m'Chichewa adapeza owerenga ambiri, koma mnzake wa ku Rumphi kapena ku Mzimba adatsekedwa pakamwa m'chiyankhulo cha amayi ake.

Bwalo la ku Chancellor College

M'kati mwa mantha amenewa mudabadwa chinthu chokongola kwambiri m'mbiri ya zolembalemba zathu. Mu 1970 ophunzira ndi aphunzitsi ochepa a pa Chancellor College, imene nthawiyo idali ku Chichiri mu Blantyre isanasamukire ku Zomba mu 1973, adayamba kukumana mlungu ndi mlungu. Gululi lidadziwika ndi dzina loti Writers' Group. Mwa amene adadutsamo m'zaka zosiyanasiyana muli Jack Mapanje, Lupenga Mphande, Frank Chipasula, Steve Chimombo, Felix Mnthali, James Ng'ombe, Innocent Banda, Ken Lipenga ndi Anthony Nazombe, pamodzi ndi aphunzitsi ochokera kunja monga David Kerr, Landeg White ndi James Gibbs.

Kachitidwe kawo kadali kosavuta. Wolemba ankapereka ndakatulo kapena nkhani yake kuti itaipidwe ndi kuchulukitsidwa pa makina opukusa ndi dzanja. Madzulo a msonkhano aliyense ankalandira pepala lake lonunkha inki, mwini ndakatulo n'kuiwerenga mokweza, kenaka anzake n'kuyamba kuisenda ngati chinangwa. Mawu awa akulemera, mzere uwu ukutsimphina, fanizo ili taliona kale kwa wina. M'chipinda chimenecho mphunzitsi ndi wophunzira ankafanana. Ndakatulo ya mkulu wa dipatimenti inkatha kudzudzulidwa ndi mnyamata wa chaka choyamba. Zinkawawa ndithu, koma wakutsina khutu ndi mnansi. Munthu amene wakhala mausiku atatu akulimbana ndi mzere umodzi, akamva chipinda chonse chiti zii pa mzere womwewo, kenaka wina n'kuusa moyo, amalandira malipiro amene ndalama sizingagule. "Tili tonse" wa pamoto uja adabwerera m'chipinda cha kalasi.

Zipatso sizidachedwe. Mu 1971 adatulutsa Mau, kabuku ka ndakatulo 39. Padabwera magazini ya Odi, imene dzina lake ndi mawu a mlendo wogogoda pakhomo, ndiponso timapepala ta The Muse. Mu 1976 James Gibbs adasonkhanitsa masewero mu Nine Malawian Plays, ndipo mu 1990 Anthony Nazombe adatulutsa The Haunting Wind.

Onse ankadziwa kuti makoma ali ndi makutu ndi kuti pakati pawo pangakhale kazitape. Choncho adabwerera kwa makolo kukaphunzira kuyankhula mokuluwika, monga amachitira amayi pamtondo akamadandaula za mwamuna kapena apongozi mwa nyimbo, osatchula dzina. Mapanje adasankha birimankhwe, kanyama koyenda mosamala ndi kosintha maonekedwe, kamene kali m'nthano zathu za chiyambi cha moyo ndi imfa. Chimombo adatenga Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene anthu a ku Zomba amati ndicho chidagumula phiri ndi kukokolola milatho mu 1946, ndipo adachisandutsa chithunzi cha mphamvu yoononga yosafunsika. M'sewero lake The Rainmaker adabwerera kwa M'bona wa ku Khulubvi, mlosi wa mvula wophedwa chifukwa cha nsanje ya olamulira. Wounika mabuku ankaona nthano chabe. Womvera wa m'chipinda chija ankamva zonse. Tisanamizane kuti kuponderezedwa n'kwabwino kwa luso, pakuti ndakatulo zambiri zidafera m'mitu ya eni ake chifukwa cha mantha. Koma zimene zidapulumuka zidatuluka zothinana ngati mtolo womangidwa ndi luzi lonyowa.

Mtengo wake udali wokwera. Landeg White adathamangitsidwa m'dziko mu 1972. Felix Mnthali adamangidwa mu 1976 popanda mlandu, pa nthawi imene ophunzira ambiri ochokera kumpoto ankasesedwa pa yunivesite, ndipo pambuyo pake adakaphunzitsa ku Botswana. Chipasula adachoka m'dziko, nakalemba O Earth, Wait for Me ali kunja. Edison Mpina, amene naye adalawa ndende, adapambana mpikisano wa ndakatulo wa BBC mu 1981.

Ndakatulo zosungidwa m'mutu

Buku la Mapanje, Of Chameleons and Gods, lidasindikizidwa ku London mu 1981. Silidaletsedwe poyera, koma mu 1985 lidachotsedwa m'masukulu ndi m'masitolo. Pa 25 September 1987 apolisi adamugwira ku Gymkhana Club mu Zomba, ali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi pa Chancellor College. Adamutsekera ku ndende ya Mikuyu zaka zitatu, miyezi isanu ndi iwiri ndi masiku 16, osamuuza mlandu, osamutengera kubwalo.

Ku Mikuyu cholembera ndi pepala zidali zoletsedwa. Mlembi wochotseredwa zida zake amatani? Mapanje ankapeka ndakatulo m'mutu ndi kuzibwereza kuti zisathawe, monga momwe wokamba nthano amasungira nkhani zake. Timakalata tolembedwa mobisa pa mapepala okulungira sopo ndi a kuchimbudzi tinkatuluka kudzera mwa anthu olimba mtima amene akadagwidwa akadalowa m'mavuto omwewo. Kunja, bwalo la anzake lidakula kufika maiko akutali. Mabungwe a PEN ndi Amnesty International adafuula, Harold Pinter adawerenga ndakatulo zake pakhomo pa ofesi ya kazembe wa Malawi ku London, ndipo Wole Soyinka adamulandirira mphotho ya ndakatulo ku Rotterdam mu 1988. Adatulutsidwa mu May 1991, napita ndi banja lake ku England. The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison idatuluka mu 1993, ndipo mbiri ya ukaidi wake, And Crocodiles Are Hungry at Night, mu 2011. Chala chimodzi sichiswa nsabwe: akadakhala mlembi wodzipatula, wosadziwika kwa anzake, dzina lake likadatha kuzimiririka monga adazimiririkira akaidi ena ambiri opanda wowalirira.

Amene ankawerengedwa m'midzi

Pokamba za nthawi imeneyi timafulumira kutchula olemba m'Chingerezi, koma mabuku amene ankayenda dzanja ndi dzanja m'makomboni ndi m'midzi, mpaka chikuto kuthothoka, adali a m'Chichewa. Makampani a Popular Publications ku Limbe, Dzuka ndi CLAIM adapereka mpata kwa alembi atsopano. Willie Zingani adalemba Njala Bwana ndi Madzi Akatayika, Jolly Max Ntaba adalemba Ikakuona Litsiro Sikata ndi Mtima Sukhuta, ndipo Whyghtone Kamthunzi adadzaza mashelefu a sukulu ndi nkhani zake. Benedicto Wokomaatani Malunga adakweza ndakatulo ya Chichewa pa wailesi ndi m'buku la Kuimba kwa Mlakatuli, ndipo pambuyo pake adamasulira Things Fall Apart ya Chinua Achebe kukhala Chipasupasu. Magazini ya Moni ndi masamba a nkhani zopeka a m'nyuzipepala ndiwo adali sukulu ya achinyamata ambiri. Kuona dzina lako litasindikizidwa koyamba, kudula tsambalo ndi lezala ndi kulisunga m'sutikesi, n'chimwemwe chimene mlembi saiwala ngakhale atakalamba.

Alembi a m'Chichewa adali ndi mtanda wawowawo. Zolemba zawo aliyense ankazimva, kuyambira wapampando wa chipani kumudzi mpaka mwini dziko, Dr Banda, amene ankadziona ngati mlonda wa Chichewa cholondola ndipo adakhazikitsa Chichewa Board mu 1972. Mpata wobisala udali wochepa, motero ambiri adalemba za chikondi, ufiti, umbombo ndi mavuto a m'tauni. Koma owerenga mwatcheru amapeza m'nkhani zomwezo njala, ulova ndi kudzikuza kwa mabwana zimene wailesi sinkatchula. M'zisudzo, Du Chisiza Jr adayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, naonetsa kuti munthu angathe kuyesa kukhalira luso lokha, akuyendayenda ndi gulu lake m'maholo a m'matauni mpaka imfa yake mu 1999.

Amayi adalowa m'bwaloli movutikira kwambiri, chifukwa usiku umene bambo amalemba ndi womwewo umene mayi amatsuka mbale ndi kugoneka ana, ndipo atsikana ofika ku yunivesite adali ochepa. Walije Gondwe adatulutsa Love's Dilemma mu 1985, ndipo Emily Mkamanga adalemba The Night Stop, kenaka Suffering in Silence, buku lofotokoza zimene amayi adakumana nazo mu ulamuliro wa chipani chimodzi.

Loko atachoka

Kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 March 1992, riferendamu ya pa 14 June 1993 ndi chisankho cha 1994 zidamasula malilime. Rubadiri adabwerera, ndipo mu 2000 adakhala mkulu wa University of Malawi. Bungwe loteteza umwini wa zaluso la COSOMA lidayamba ntchito mu 1992, ndipo la alembi, Malawi Writers Union, mu 1995. Chimombo, kufikira imfa yake mu 2015, adalimbikira kusindikiza yekha mabuku ndi magazini ya zaluso ya WASI.

Koma walira mvula walira matope. Ufulu udafika pamodzi ndi kugwa kwa kwacha ndi kukwera mtengo kwa mapepala. Malawi Book Service, imene inkafikitsa mabuku m'maboma, idatha. Osindikiza adathamangira mabuku a silabasi, poti ndiwo okha ali ndi msika wodalirika, ndipo buku la nkhani losasankhidwa kuti liwerengedwe pa mayeso a JCE kapena MSCE limatha zaka lili pashelefu. Losankhidwalo nalo limagwa m'manja mwa ochulukitsa mwakuba ndi makina a fotokope. Mlembi wa lero amasonkha ndalama za m'thumba mwake, kusindikiza makope ochepa, kuchititsa mwambo wokhazikitsa buku, kenaka kuyenda nawo m'chikwama ofesi ndi ofesi, anzake n'kumamupempha laulere. Dzulo mdani adali wounika mabuku; lero ndi umphawi ndi kusowa kwa owerenga ogula.

Ngakhale zili choncho, moto ukuyakabe, ndipo ukuyaka mwa njira yakale yomwe ija. Stanley Onjezani Kenani, amene ntchito yake ya usana ndi yowerengera ndalama, adafika kawiri pa mndandanda womaliza wa mphotho ya Caine, mu 2008 ndi mu 2012. Shadreck Chikoti, mlembi wa Azotus the Kingdom, adayambitsa Story Club ku Lilongwe kuti okonda nkhani azikumana ndi kuwerengerana. Upile Chisala adasindikiza yekha soft magic mu 2015 ndipo adapeza owerenga m'maiko ambiri kudzera pa intaneti. Alakatuli a m'Chichewa monga Robert Chiwamba amadzaza maholo ndipo mawu awo amamveka m'maminibasi, umboni wakuti Amalawi sadaleke kukonda mawu okoma, kungoti ambiri amawalandira ndi khutu. Achinyamata akulemba pa foni magetsi atazima, n'kutumiza nkhani zawo m'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook, komwe yankho limabwera nthawi yomweyo. Ngozi yake njakuti kumeneko oyamikira ndi ambiri koma osenda chinangwa ndi ochepa, ndipo nkhani imatuluka isanapse. Kuona maso a nkhono n'kudekha. A ku Chichiri ndi ku Zomba aja ankabwereza ndakatulo imodzi kangapo isanaoneke poyera.

Kuyambira kwa Nthara pa nyali ya ku Nkhoma mpaka kwa mtsikana amene akulemba pa foni ku Ndirande usiku uno, mlembi wa ku Malawi sadakhalepo ndi chuma, nthawi yokwanira kapena msika waukulu. Chimene wakhala nacho ndi khutu lomvetsera anthu ake, kuuma mtima kobwerera ku pepala tsiku ndi tsiku, ndi anzake omuuza zoona. Inu amene mukulemba, musabise zolemba zanu pansi pa mphasa: pezani anzanu atatu kapena anayi, muzikumana, muziwerengerana mokweza, ndipo muzilola kudzudzulidwa. Lembaninso m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chilomwe, m'Chisena ndi m'Chitonga, pakuti palibenso lamulo lokuletsani. Aphunzitsi, tsegulani makalabu a alembi m'sukulu zanu. Ndipo inu owerenga, mukamva kuti Mmalawi watulutsa buku, musapemphe laulere ndipo musalichulukitse mwakuba. Ligulani, liwerengeni, mupatsenso mwana wanu, kenaka mumuuze mlembiyo zimene mwapezamo. Ameneyo ndiye "Tili tonse" amene iye akudikira kuti apitirize nthano.